Chiwanda chikapatsidwa khadi la chipani

Mu November 2020, mavoti a chisankho cha pulezidenti wa dziko la America akuwerengedwabe, mayi Paula White, m'busa amene anali mlangizi wa zauzimu wa Donald Trump, anaima pa guwa la tchalitchi chake ku Florida n'kupemphera pemphero limene linazungulira dziko lonse pa intaneti. Anati akumva mkokomo wa chipambano. Anati magulu a ziwanda agwirizana zoti abe chisankhocho, ndipo analengeza kuti angelo anyamuka kale ku Africa ndi ku South America kudzathandiza. Anthu ambiri anaseka. Ine chimene chinandigwira mtima n'chakuti mawu ake sanali achilendo ngakhale pang'ono: kumanga, kumasula, kuphwanya, kugwetsa malinga. Ndi mawu amene Mkhristu aliyense wozolowera mapemphero a usiku wonse amawadziwa pamtima. Chachilendo chinali mdani amene ankamangidwa usiku umenewo, chifukwa mdaniyo anali zotsatira za mavoti a anthu.

Ndiyambe ndanena pamene ndaima, kuti wina asaganize kuti akuwerenga zolemba za munthu wonyoza pemphero. Ndine Mkhristu. Ndimakhulupirira kuti Satana alipo, kuti mizimu yoipa ilipo, ndipo kuti Yesu anaitulutsa mwa anthu monga momwe Mauthenga Abwino amanenera. Ndimasala kudya, ndimapempherera olamulira, ndipo sindiona cholakwika kuti wokhulupirira aime nawo pa chisankho. Nkhawa yanga ili pa chiphunzitso china chimene chakula kwambiri m'zaka 40 zapitazi, chimene chimatenga nkhondo yauzimu n'kuisamutsa kuchoka mumtima mwa munthu kupita ku nyumba ya malamulo, ku khoti ndi ku bungwe loyendetsa chisankho. Chiphunzitsochi chimalankhula chilankhulo cha Baibulo bwino lomwe, n'chifukwa chake ambiri a ife timayankha kuti Amen tisanamvetse chimene tavomera.

Mpingo wakale unkaidziwa nkhondo yauzimu. Munthu pobatizidwa ankakana Satana ndi ntchito zake zonse, ndipo kulimbana kwake kunali ndi tchimo la iye mwini, zokopa za dziko ndi chinyengo cha woipayo. Chatsopano chinabwera cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo dzina limene sungalilambalale pa nkhaniyi ndi la C. Peter Wagner. Bamboyu anagwira ntchito ya umishonale ku Bolivia, kenako n'kukhala mphunzitsi wa kakulidwe ka mipingo pa sukulu ya zaubusa ya Fuller ku California. Funso lake linali labwino: n'chifukwa chiyani uthenga umalandiridwa msanga m'mizinda ina pamene kwina alaliki amangokhetsa thukuta pachabe? Yankho limene anafika nalo, atamva maumboni a alaliki a ku Argentina ndi kwina, linali lakuti mzinda uliwonse, chigawo chilichonse ndi dziko lililonse lili ndi chiwanda chachikulu chimene chinapatsidwa malowo kuti chiziwalamulira. Nkhondoyi anaigawa patatu: kutulutsa ziwanda mwa munthu payekha, kulimbana ndi amatsenga ndi afiti, ndipo pamwamba pa zonse, kumenyana ndi mizimu yolamulira madera. Gawo lachitatuli ndi limene latifikitsa pano.

Ngati mzinda uli ndi chiwanda chake, ndiye kuti pafunika kuchidziwa dzina ndi pamene chimakhala. Apa m'pamene panabadwira ntchito yojambula mapu auzimu, imene George Otis Jr., wolemba mabuku a Chikhristu wa ku America, anaitchukitsa. Opembedzera amafufuza mbiri ya malo, pamene panakhetsedwa mwazi, pamene pali akachisi a zipembedzo zina, ziboliboli, manda akale, n'kulemba zonsezi pokonzekera kukaukira. Mu 1997 gulu lina linakwera phiri la Everest kukalimbana ndi mzimu umene ankautcha Mfumukazi ya Kumwamba, ndipo mu 1999 anthu masauzande anasonkhana pa mabwinja a Efeso ku Turkey pa nkhondo yomweyo. Chaka chomwecho panatuluka kanema wa Otis amene anaonetsedwa m'matchalitchi ambirimbiri padziko lonse. Mwa nkhani zake munali ya tauni ya Kiambu ku Kenya, kumene m'busa Thomas Muthee ananena kuti Mulungu anamuonetsa kuti tauniyo inagwidwa ndi mzimu wa ufiti, ndipo mzimuwo unkagwira ntchito kudzera mwa mayi wina wa konko. Anapemphera, mayiyo anathawa, umbanda unachepa, mipingo inadzaza. Nkhani inakambidwa motero. Mu 2008, dzina la Muthee litamvekanso chifukwa cha kanema womuonetsa akupempherera Sarah Palin, wandale wa ku America, kuti atetezedwe ku ufiti, atolankhani anapita ku Kiambu n'kukapeza mayi uja akukhalabe konko.

Nkhani ya ku Kiambu imandisautsa kuposa ya ku Everest. Paphiri paja palibe amene anavulala ndi pempherolo. Koma ku Kiambu chiwanda chinapatsidwa nkhope, dzina ndi nyumba, ndipo nkhopeyo inali ya mayi amene analibe kanema wake woti adziyankhire. Aliyense amene anaonapo zimene zimamuchitikira munthu wolozedwa chala kuti ndi mfiti akudziwa kuti mawu otere sathera pa guwa. Amatsika n'kukafika m'manja mwa anyamata onyamula miyala.

Ndime imene chiphunzitsochi chimatsamira kwambiri ndi Danieli 10, pamene mngelo akuuza Danieli kuti kalonga wa ufumu wa Perisiya anamutsekereza masiku 21 kufikira Mikaeli anabwera kudzamuthandiza. Ndikuvomera kuti ndimeyi ikuonetsa kuti kuseri kwa maufumu a anthu kuli mphamvu zimene sitiziona ndi maso. Koma taonani chimene Danieli ankachita masiku onsewo. Ankalira, ankasala zakudya zokoma, ankadzichepetsa pamaso pa Mulungu. Za kalonga wa Perisiya sankadziwa n'komwe kufikira atauzidwa, ndipo atauzidwa sanatumidwe kuti akamumange. M'mutu 9, pemphero lake lalitali lija ndi lovomereza machimo a mtundu wake womwe, osatchula a Ababulo. Paulo naye anakhala zaka zoposa ziwiri ku Efeso, likulu la chipembedzo cha Aritemi. Chipolowe chitabuka, mlembi wa mzinda, munthu wosakhulupirira, anaimirira n'kuchitira umboni kuti anthu awa sanabe za m'kachisi ndipo sananyoze mulungu wathu wamkazi. Werengani Machitidwe 19:37. Mzinda unagwedezeka ndithu, malonda a tiakachisi tasiliva analowa pansi, koma chinaugwedeza ndi kulalikira tsiku ndi tsiku ndi kusandulika kwa miyoyo ya anthu. Kalata ya Yuda imatikumbutsanso kuti ngakhale Mikaeli, mkulu wa angelo, potsutsana ndi mdierekezi sanayerekeze kumunenera mawu achipongwe, anangoti Ambuye akudzudzule.

Ngoziyi sinaonedwe ndi anthu akunja okha. Mu 1993 gulu la opembedzera la bungwe la Lausanne, limene ndi la Akhristu odzipereka pa kufalitsa uthenga, linachenjeza kuti chilankhulo cha nkhondo chikuchititsa Akhristu kuona anthu anzawo ngati adani, ndipo kuti a zipembedzo zina akuchimva ngati chilankhulo cha chiwawa ndi ndale. Mu 2000, pa msonkhano wa ku Nairobi, bungwe lomweli linanenanso kuti zambiri zochitika m'dzina lolimbana ndi mizimu ya madera zilibe maziko okwanira m'Baibulo. Mpingo wa Assemblies of God ku America, umene palibe angaunene kuti sudziwa za Mzimu Woyera, unakana mu 1949 gulu la Latter Rain limene linkaphunzitsa za kubwerera kwa atumwi ndi aneneri olamulira mpingo, ndipo unachenjezanso za zomwezi mu 2000. Choncho amene akuti kufunsa mafunso pa zimenezi n'kuzima Mzimu ayambe wakambirana ndi akuluakulu a m'nyumba mwake momwe.

Kuchoka pa mzinda kufika pa boma unali mtunda waufupi. Wagner anayamba kuphunzitsa kuti Mulungu akubwezeretsa maudindo a atumwi ndi aneneri, kayendedwe kamene anakatcha New Apostolic Reformation, ndipo anati nyengo yachiwiri ya atumwi inayamba mu 2001. Si mpingo umodzi wokhala ndi likulu lake ayi, ndi maubale a atsogoleri ozindikirana okhaokha, ndipo ena mwa iwo amalikana dzinali. Atumwi amenewa sasankhidwa ndi sinodi kapena msonkhano wa mpingo, kotero palibenso sinodi imene ingawachotse. Pamwamba pa izi panabwera chiphunzitso cha mapiri asanu ndi awiri, chimene mlaliki wa ku America Lance Wallnau anachifalitsa kwambiri: banja, chipembedzo, maphunziro, nyumba zofalitsa nkhani, zaluso ndi zisangalalo, malonda, ndi boma. Poyamba, pamene Bill Bright ndi Loren Cunningham, atsogoleri a mabungwe ofalitsa uthenga, ankakamba za magawo amenewa m'ma 1970, anthu ambiri anamva kuti Mkhristu akhale mchere kulikonse kumene akugwira ntchito. Ndani angatsutse zimenezo? Koma m'kamwa mwa aphunzitsi atsopanowa mapiriwo anasanduka bwalo la nkhondo: pansonga pa phiri lililonse pakhala mzimu woipa, ndipo ntchito ya mpingo ndi kuugwetsa n'kukhazikapo munthu wake.

Koma pansonga pa phiri la boma pamakhala munthu, wa dzina lake ndi chipani chake, amene anthu mamiliyoni anamuvotera. Pa phiri la maphunziro pali mphunzitsi, pa la nkhani pali mtolankhani, ku khoti kuli woweruza. Paulo analemba pa Aefeso 6:12 kuti sitilimbana ndi mwazi ndi thupi, ndipo vesi limeneli ndi limene limawerengedwa potsegulira misonkhano ya nkhondo yauzimu. Pofika potseka msonkhanowo, maina amene atchulidwa onse ndi a anthu a mwazi ndi thupi. Aphunzitsiwo amayankha kuti sitikulimbana ndi munthuyo koma mzimu umene uli kumbuyo kwake. Papepala yankholi limamveka. Koma uuze khamu la anthu kwa miyezi ingapo kuti mayi uja wa chipani china akuyendetsedwa ndi mzimu wa Yezebeli, monga momwe Wallnau ananenera za Kamala Harris, amene ankapikisana ndi Trump mu 2024, kenako uyembekeze kuti akakumana naye adzasiyanitsa mayiyo ndi mzimuwo? Pajatu nkhani ya Yezebeli aliyense amadziwa mmene inathera.

Chisankho chimaima pa mfundo imodzi imene sinalembedwe pa pepala lovotera: wogonja amavomera, chifukwa akudziwa kuti wopambanayo ndi nzika inzake ndipo pakapita zaka zingapo adzapikisananso. Chiphunzitso cha nkhondo chimazula mfundo imeneyi ndi mizu yomwe. Ngati amene ndikumufuna ndi wodzozedwa wa Mulungu, winayo n'kukhala chida cha mdima, ndiye kuti kuvomera kugonja n'kugwadira Satana. Munthu woganiza motero sangakhutire ndi chiwerengero chilichonse cha mavoti kapena chigamulo cha khoti lililonse.

Ku America zinayenda chonchi. Mu 2016 Wallnau anafanizira Trump ndi Koresi, mfumu yachikunja ya pa Yesaya 45, n'kumati sizongochitika kuti adzakhala pulezidenti wa nambala 45. Trump atapambana, aneneri anatchuka. Mu 2020 ambiri a iwo analosera kuti apambananso. Atagonja kwa Joe Biden, ndipo milandu yoposa 60 yotsutsa zotsatira itakanika m'makhoti, panatsala njira ziwiri: kuvomera kuti ulosi unalakwika, kapena kunena kuti ulosi unali woona koma mdima waba. Ambiri anasankha yachiwiri. Pa 12 December anthu anasonkhana ku Washington pa ulendo umene anautcha wa Yeriko, akuliza malipenga a nyanga za nkhosa kuti malinga agwe. Pa 6 January 2021 khamu linathyola nyumba ya malamulo, apolisi pafupifupi 140 anavulala, ndipo pakati pa khamulo panali mitanda, malipenga aja, ndi mbendera yoyera ya chithunzi cha mtengo wa paini yolembedwa kuti An Appeal to Heaven, imene Dutch Sheets, mnzake wapafupi wa Wagner, anaisandutsa chizindikiro cha opembedzera a mtundu umenewu. Ambiri mwa amene anapemphera ku Washington sanakhudze munthu, ndipo zifukwa za tsikulo zinali zambiri. Komabe aliyense amene anawerenga buku la Yoswa akudziwa zimene zinawachitikira anthu a mu Yeriko malinga atagwa, ndipo wosankha dzina limenelo poguba mozungulira nyumba ya malamulo ya dziko lake lomwe ayenera kutiuza kuti Akanani ndi ndani.

Zimene zinatsatira zinandiwawa koposa. Mlaliki wachinyamata Jeremiah Johnson anapepesa poyera kuti analosera zolakwika. Anachita chimene Malemba amafuna, popeza Deuteronomo 18:22 amanena mosabisa kuti mawu a mneneri akapanda kuchitika, Yehova sanawanene. Malipiro ake, monga ananenera yekha, anali matemberero ndi mauthenga omuopseza kuti aphedwa, ochokera kwa Akhristu anzake. Amene anaumirira kuti sanalakwe anapitiriza kudzaza maholo. Trump atapambana mu 2024, ena anati mwaona, tinanena, ngati kuti ulosi wa chisankho china ungakwaniritsidwe ndi chisankho cha zaka zinayi pambuyo pake. Ndipo izi sizikuchitikiranso m'mphepete. Mu February 2024 Tom Parker, mkulu wa oweruza m'boma la Alabama pa nthawiyo, analankhula poyera zogwirizana ndi chiphunzitso cha mapiri chija, ndipo mu February 2025 Paula White anaikidwa kutsogolera ofesi ya zachipembedzo ku White House.

Wina angati izi ndi za kutsidya kwa nyanja. Ku Côte d'Ivoire, chisankho cha November 2010 chitatha, bungwe loyendetsa chisankho linalengeza kuti Alassane Ouattara wapambana, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linati wapambana ndi Laurent Gbagbo, amene anali kale pampando, ndipo dziko limodzi linakhala ndi apulezidenti awiri. Mkanganowo unali ndi mizu yambiri: malo olima, mitundu, funso la amene ali nzika yeniyeni, ndi dzanja la France. Koma pafupi ndi Gbagbo ndi mkazi wake Simone panali abusa amene ankaiona nkhondoyi ngati ya kuwala ndi mdima, ndipo maulosi a m'busa Malachie Koné, onena kuti Mulungu adzalowererapo n'kupulumutsa Gbagbo zinthu zikafika posauzana, anafala pakati pa omutsatira. Atsogoleri a mayiko a mu Africa anabwera ndi kubwerera kukapempha kuti pakhale kumvana. Nanga munthu amene walonjezedwa thandizo lochokera kumwamba amvana nawe za chiyani? Pofika pa 11 April 2011, pamene Gbagbo anagwidwa, anthu pafupifupi 3,000 anali atafa, ophedwa ndi mbali zonse ziwiri. Khoti la milandu ya padziko lonse la ku The Hague linamupeza Gbagbo wosalakwa mu 2019, ndipo sindikufuna kumuzenga mlandu pano. Amene ndikuwafunsa ndi aneneri aja. Mawu awo anachedwetsa mtendere ndi masiku angati, ndipo tsiku lililonse linadya miyoyo ingati?

Ku Brazil, mu August 2022, Michelle Bolsonaro, mkazi wa pulezidenti wa nthawiyo, anauza mpingo wina ku Belo Horizonte kuti nyumba ya boma kwa nthawi yaitali inali yoperekedwa kwa ziwanda, koma tsopano yaperekedwa kwa Yesu. Mwamuna wake atagonja kwa Lula, pa 8 January 2023 khamu linaswa nyumba ya malamulo, khoti lalikulu ndi ofesi ya pulezidenti ku Brasília, ena akugwada ndi kupemphera m'kati momwemo. M'dziko lomwelo malo opembedzera a Candomblé ndi Umbanda, zipembedzo zimene mizu yake inapita ndi akapolo ochokera ku Africa, akhala akuotchedwa ndi kuphwanyidwa, ndipo mu 2015 mtsikana wa zaka 11 anagendedwa ndi mwala pamutu ku Rio de Janeiro akuchokera ku mapemphero awo. Sindigwirizana ndi zimene zipembedzozo zimaphunzitsa, ndipo ndingakonde kuti mwanayo amudziwe Yesu. Koma adzamudziwa bwanji kudzera mwa anthu amene anamukhetsa magazi? Pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane atafuna kuitana moto kuti utsike pa mudzi wa Asamariya umene unawakana, Yesu anatembenuka n'kudzudzula ophunzira akewo. Mudziwo anangousiya n'kupita kwina.

Palinso phindu lina limene chiphunzitsochi chimapereka kwa wolamulira, ndipo andale ochenjera amalidziwa bwino. Mtsogoleri akangodzozedwa, kumufunsa kumasanduka tchimo. Nthawi yomweyo amatulutsa Salimo 105:15, musakhudze odzozedwa anga, osakumbukira kuti m'salimolo Mulungu akudzudzula mafumu poteteza kagulu kochepa ka alendo oyendayenda opanda dziko. Vesi loteteza wofooka kwa mfumu lasanduka loteteza mfumu kwa wofooka. Ku Zambia, Frederick Chiluba asanalowe mu State House mu 1991, abusa anapita kukayeretsa nyumbayo ku mizimu yoipa imene ankati inatsalamo. Pa 29 December chaka chomwecho analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, osayamba wakambirana ndi mipingo ikuluikulu monga wa Katolika. Mawuwa analowa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1996, chaka chomwe malamulowo anasinthidwanso m'njira yomutsekera Kenneth Kaunda kuti asaime nawo pa chisankho. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti Chiluba ndi anzake anaba ndalama za boma zokwana madola 46 miliyoni, ngakhale kuti khoti la ku Lusaka linamumasula pa mlandu wa kuba mu 2009. Nyumba inayeretsedwa, koma thumba la boma linalibe mlonda. Ndipo mu 2001, Chiluba atafuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, mwa amene anamuletsa munali mipingo, ya Katolika ndi ina yambiri pamodzi, itagwirana manja ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum. Iwowa anatenga malamulo a dziko, n'kuwawerenga mokweza, n'kunena kuti ayi.

Sindifuna kulankhula ngati kuti amene amapita ku misonkhano imeneyi ndi opusa. Ambiri ndi anthu otopa. Munthu wavota kangapo zinthu osasintha, wamaliza sukulu ntchito kulibe, wapita kuchipatala mankhwala kulibe, kapena akuona kuti chikhulupiriro chake chikusekedwa ndi amene ali ndi mawailesi ndi masukulu m'manja. Ndiye pabwera wina n'kumuuza kuti mavuto onsewa ali ndi gwero limodzi, ndipo iweyo, amene nduna siingakupatse ndi moni womwe, uli ndi mphamvu yogwetsa gwerolo ndi pakamwa pako usiku uno. Ndani sangakopeke? Pali ulemu umene munthu wonyozeka amaupeza pamenepo, ndipo sindiupeputsa. Koma ngati kusowa kwa mankhwala ndi ntchito ya mzimu wa umphawi, ndiye kuti amene anagulitsa mankhwalawo kuseri sadzafunsidwa. Mlandu uliwonse ukasamutsidwira m'mlengalenga, pansi pano sipatsala woti ayankhe. Wakuba sawopa pemphero lomanga mizimu. Amaopa buku la ndalama likatsegulidwa pagulu, mtolankhani wolimba mtima, ndi woweruza wosalandira chiphuphu, anthu omwe aja amene chiphunzitso cha mapiri chimafulumira kuwatcha zida za mdima akangokhudza munthu wathu.

Kodi ndiye kuti mpingo ukhale chete pa za ndale? Ayi ndithu. Mu February 1977 Janani Luwum, mkulu wa mabishopu a Anglican ku Uganda, pamodzi ndi mabishopu anzake analembera Idi Amin kalata yodandaula za kuphedwa ndi kusowa kwa anthu, ndipo patangopita masiku ochepa iye mwini anaphedwa. Mu 1985, pa maliro ku Duduza ku South Africa, Desmond Tutu analowa pakati pa khamu lokwiya kukapulumutsa munthu amene ankamuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi, amene anali pafupi kuotchedwa. Anthu awa ankadziwa kuti kuseri kwa nkhanza kuli woipayo. Koma zimene ankatchula zinali zochita zooneka, zimene aliyense akanatha kuzitsimikiza kapena kuzitsutsa: uyu waphedwa, uyu wasowa, lamulo ili ndi lopondereza. Sankapempha mpando. Ndipo mdani wawo anakhalabe munthu m'maso mwawo, woti angathe kulapa, woti moyo wake uyenera kutetezedwa ngakhale kwa anthu a mbali yako yomwe.

Ngati tikufuna ndime ya m'Baibulo yonena za mizimu ndi ndale, 1 Mafumu 22 ndi imene iyenera kutisowetsa tulo. Ahabu anali ndi aneneri pafupifupi 400, ndipo onse anamuuza kuti pitani ku Ramoti Giliyadi, mukapambana. Mmodzi wa iwo, Zedekiya, anachita kusula nyanga zachitsulo kuti uneneri wake uoneke ndi maso. Mikaya yekha ndiye ananena zosakoma, ndipo anamenyedwa mbama n'kuponyedwa m'ndende. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Ahabu anamuda Mikaya chifukwa sankamunenera zabwino. M'nkhani imeneyi mzimu wonama unalipodi, Malemba sakubisa. Koma sunali mu msasa wa Aaramu, adani aja. Unali m'kamwa mwa aneneri a kunyumba ya mfumu, amene ankalankhula m'dzina la Yehova, molimba mtima, ndi mawu amodzi. Opembedzera amene akufufuza kumene chinyengo chakhala m'dziko ayenera kufika ndi pamenepa, pa guwa la mbali yawo, pamene aliyense akunena zofanana ndipo mfumu ikugwedeza mutu mokondwa.

Kwa inu abusa ndi aneneri amene mudzaima pa guwa chisankho chikamayandikira, pempho langa ndi ili. Ngati mwalandira mawu onena za amene adzapambane, tiuzeni tsiku lomwelo chimene mudzachite mawuwo akapanda kuchitika. Mikaya anatero pamaso pa anthu onse: mfumu ikabwerako mumtendere, ndiye kuti Yehova sanalankhule mwa ine. Ndipo musanayambe kumanga mizimu ya chipani china, yang'anani kaye m'mabenchi. Muli anthu amene munawabatiza ndi manja anu, amene amadya nanu Mgonero wa Ambuye, amene adzavotere chipani chimenecho ali ndi chikumbumtima choyera ndi zifukwa zawo zimene simunawafunse. Akamva pemphero lotere amadziwa kuti akunenedwa ndi iwowo, ndipo ena mwa iwo sabweranso kutchalitchi.